Mayi Osakhudza Akonza Chipinda cha Mwana

Dzina loti Mayi Osakhudza silinachokere kwa makolo awo. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, kusitolo yogulitsa mipando ndi mabedi imene ili moyang'anizana ndi pokwerera minibasi, kumene anagwirako ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri. Malo awo anali m'chipinda cham'mwamba. Ukakwera masitepe unkapeza nyumba yathunthu yopanda makoma: apa pabalaza, apo podyera, uko kogona akuluakulu, ndipo pakona pafupi ndi windo panali chipinda cha mwana. Zonsezo ankayala ndi iwo. Pa sofa aliyense ndi pa bedi lililonse ankaikapo kapepala kolemba ndi dzanja lawo: "Chonde osakhudza." Munthu akangoyesa kukhala pang'ono kuti amve kufewa kwa mpando, ankamva kutsokomola kumbuyo kwake, ndipo ankadzuka yekha ngati wakhalira singano.

Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe m'khosi, wokonda bulauzi woyera. M'chikwama mwawo simunkasowa zinthu ziwiri: tepi yoyezera ndi kansalu kopukutira fumbi.

Pakona ya mwana paja ndi pamene mtima wawo unali. Panali kabedi koyera, kakabati, neti yopachika bwino, ndipo m'kabedimo munkagona chidole cha pulasitiki cha diso limodzi lotsinzina, linalo loyang'ana kudenga nthawi zonse. M'mawa uliwonse ankachinyamula mwendo umodzi, n'kuchipukuta, n'kuchigonekanso. Anzawo ankati mwana wa Mayi Osakhudza ndiye waulemu m'tauni monse, chifukwa chibadwire sanalirepo ndipo sanathetsepo nsapato.

Iwo sankakwiya nazo. Mwana wobereka okha analibe, koma sankati sanalere. Makolo awo anamwalira motsatizana iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kuwasiyira mlongo wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, wakuba shuga, wong'amba kabudula sabata iliyonse. Anasiya sukulu, n'kuyamba ntchito yopukuta mipando m'sitolo momwemo, ndipo mnyamatayo anakulira m'manja mwawo mpaka anaphunzira kuwotcherera zitsulo n'kukhala ndi kashedi kake. Banja analowapo kamodzi, ndi dalaivala wa thiraki, ndipo linatha patangopita chaka ndi miyezi inayi. Anthu ankati bamboyo anatopa kutsatiridwa ndi kansalu kulikonse kumene wagwira. Mayiwo ankati munthuyo ankaika mapazi patebulo. Zoona zake akuzidziwa ndi awiriwo.

Mlongo wawoyo anakwatira mphunzitsi wa ana a kalasi yoyamba, mtsikana wodekha, woseka ndi maso, amene phokoso la ana makumi asanu ndi limodzi linamuphunzitsa kusadabwa ndi chilichonse. Awiriwo ankachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, mumdadada wa nyumba zogwiritsa mpopi umodzi. Mayi Osakhudza ankapitako Loweruka lililonse akaweruka masana, ndipo akalowa ankayamba awongola kalendala pakhoma asanapereke moni.

Loweruka lina mlongo wawoyo anayamba kuzungulirazungulira, kukanda m'mutu, kuyang'ana kudenga.

"Achemwali, m'nyumba muno tichuluka."

"Mwapeza wogona naye lendi? Malo ake ati?"

Mlamu wawo anaona kuti mwamuna wake afika madzulo asananene, ndiye anangoti, "Alamu, ndine woyembekezera. Miyezi inayi tsopano."

Mayi Osakhudza anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. M'maso munali mutalenga misozi, koma pakamwa panatuluka funso la ntchito.

"Nanga adzagona kuti?"

Asanayankhidwe anali atatulutsa kale tepi. Chipinda chachiwiri chinali chosungiramo chilichonse chimene banjalo linkachita nacho manyazi kutaya: njinga, matayala awiri akutha, chisoti chowotcherera chong'aluka, zidutswa za mapaipi, makatoni a makope akale a ana asukulu, ndi wailesi imene inasiya kuyankhula asanakwatirane. Mayiwo anayeza uku, anayeza uko, n'kupukusa mutu. Mamita awiri ndi theka mlitali, awiri mlifupi. Pakona yawo ya kusitolo panali pakulu kawiri kuposa pamenepo. Anathothola tsamba la mwezi watha pa kalendala, n'kujambula kuseri kwake pokhala bedi, pokhala kabati, pokhala mpando woyamwitsirapo, ndi podutsa munthu.

"Chitseko ichi chikudya malo. Chizitsegukira kunja."

"Achemwali, nyumbayi si yathu."

"Mwini nyumba ndiyankhula naye ndine. Iwe tembenuza mahinjesi."

Mwini nyumbayo, bambo wouma mutu amene ankakana ngakhale kukhoma msomali pakhoma, anavomera patangotha mphindi khumi, mwina pofuna kuti mayiwo amusiye. Chitseko chinatembenuzidwa. Tsiku loyamba lomwelo chinamenya mlongo wawo pamphumi mkazi wake akutuluka ndi katoni, ndipo anayenda ndi chotupa masiku atatu, akumauza anzake kuti chitsulo chinamudumphira kushedi.

Mwezi wotsatira kunabwera mayi ake a mlamu wawo kudzaona mwana wawo. Popeza Mayi Osakhudza ndiwo analera mkamwiniyo, awiriwa ankaitanana asewere. Aseweretu anali mayi wathupi, wogulitsa zovala pamsika, wobereka ana asanu ndi awiri, ndipo akaseka ankagwira khoma. Anasuzumira m'chipindamo, chimene tsopano chinali chopanda kanthu ndi chosesedwa bwino, n'kufunsa kuti akusamuka ndani.

"Ndi chipinda cha mwana, asewere."

"Mwana wake uti?"

"Akubwerayu."

"Iii! Munthu sanabadwe ali kale ndi chipinda? Ali ndi katundu wanji? Alendo ake azidzafikira momwemo? Inetu asewere ndabereka asanu ndi awiri, ndipo onsewo chipinda chawo chinali m'khwapa mwanga muno."

"Masiku ano zinasintha, asewere."

"Zinasintha eti? Ana akubadwa ndi makiyi m'manja?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko, chitsekocho n'kutsegukira kumene sankayembekezera, n'kutsala pang'ono kugwa. Mayi Osakhudza anangowongola magalasi. Anali atazolowera makasitomala osamvetsa zinthu.

Maganizo awo anali oti kabedi kachokere kusitolo, kofanana ndi ka pakona paja. Koma apa mlongo wawo, amene chibadwire sanawakanirepo kanthu pamaso, analimba khosi.

"Bedi la mwana wanga ndipanga ndekha. Ndimapangira anthu mageti ndi mawindo tsiku ndi tsiku, ndilephere kabedi?"

Anakhala nako kushedi masabata atatu, osalola munthu kukaona. Tsiku lobwera nako anachita kunyamula amuna anayi kuchokera pa galimoto, akubuula ngati anyamula injini. Kanali kachitsulo kakuda kolemera, kokhala ndi maluwa opindapinda kumutu ndi kumiyendo, ndi timitu tosongoka m'makona monga pa geti la munthu wolemera. Mwini wake anaima pambali, manja m'chiuno, kudikira kuyamikiridwa.

Mayi Osakhudza anakazungulira kawiri.

"Mwanayu walakwa chiyani kuti alowe m'chitokosi asanabadwe?"

Mlamu wawo anathawira kukhitchini kukasekera komweko. Mlongo wawo nkhope inagwa.

"N'kolimba, achemwali. Adzagonapo iyeyo, ang'ono ake, mpaka zidzukulu."

"Kulimba sindikukana. Ngakhale njovu ingagonepo. Koma taona mipata ya zitsulozi."

"Mipata yatani? Ndi yolowera mphepo."

Mayiwo anapisa dzanja lonse pakati pa zitsulo ziwiri, n'kulitembenuza, osakhudza mbali iliyonse. Anamuyang'ana mlongo wawo. Iye anangokweza mapewa. Mayiwo anaona kuti mawu sathandiza, ndipo sanapitirize.

Lolemba madzulo poweruka anapempha amanijala kuti abwereke chidole cha pakona chija. Amanijala, bambo wa chipara amene anasiya kalekale kufunsa zifukwa za Mayi Osakhudza, anangogwedeza mutu. Mayiwo anachikulunga m'nsalu kuti chisadetsedwe, n'kukwera nacho minibasi atachifukata. Mmene anthu anaona mayi wa magalasi ali ndi kaphukusi pachifuwa, anasunthirana kuwapatsa malo a pawindo. Kondakitala anauza dalaivala kuti ayende bwino pa mabampu. Gogo wina amene anakhala pambali pawo anapirira mpaka siteji yachitatu, kenako anawagwira pamkono.

"Mayi, mwanayo mwamuphimba kwambiri. Kutentha konseku apuma bwanji?"

"Sapuma ameneyu."

M'minibasi monse munangoti zii. Gogoyo anagwira pakamwa. Mayi Osakhudza ataona kuti zafika poipa anavundukula nsalu, ndipo diso limodzi lija linayang'ana anthu onse. Kuseka kumene kunabuka kunachititsa dalaivala kuima pambali pa msewu. Kondakitala anati mwanayo wafanana ndi bambo ake. Mayiwo anatsika pa siteji yawo mutu uli chilili, ngati palibe chachitika.

Anapeza mlongo wawo akusamba m'manja pampopi, ndipo asewere analiponso. Anawaitana onse m'chipinda muja. Anagoneka chidole m'kabedi, n'kuchikankha pang'onopang'ono, miyendo patsogolo, kulowera pampata wa zitsulo. Miyendo inatuluka. Mimba inatuluka. Mapewa anatuluka. Mutu unakanirira. Chidolecho chinatsala chili lende kunja kwa bedi, khosi lili pakati pa zitsulo ziwiri, mapazi osafika pansi.

Palibe anaseka. Mlamu wawo anagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

"Zaka zapitazo kunabwera mayi wina kusitolo," anatero Mayi Osakhudza motsitsa mawu. "Sanagule kanthu. Ankangopisa zala m'mabedi onse. Nditamufunsa anati wake anamupeza chonchi, atatuluka kukayanika zovala kanthawi kochepa. Mwamwayi anamupeza msanga. Chiyambire tsiku limenelo, bedi lililonse lofika kwathu ndimaliyeza. Pakadutsa zala zoposa zitatu ndimalibweza."

Mlongo wawo anawerama. Anachotsa yekha chidolecho mosamala ngati chingamve kupweteka, n'kuchipereka kwa achemwali ake. M'mawa mwake amuna anayi aja anabweranso, ndipo kabedi kanabwerera kushedi. Patapita masabata awiri kanabwera kena: kopepuka, kopanda maluwa, kopanda nsonga, makona onse opalidwa mpaka kusalala, zitsulo zoyandikana moti zala zitatu za achemwali ake zinkachita kupanikizika. Anakapaka penti yoyera, ndipo mayiwo analamula kuti kakhale pakhonde masiku khumi ndi anayi mpaka fungo lithe.

"Apa pokha, asewere, mwanditseka pakamwa," anavomera asewere. "Koma za chipindazi ndikadaseka."

Kupambana kumeneku kunawalowa m'mutu Mayi Osakhudza. Makoma anapakidwa chikasu chofewa ngati mkati mwa nthochi, atabweza mitundu inayi ya penti. Shelefu anaikhoma n'kuichotsa katatu chifukwa inkapendekeka mwa maso awo okha. Matewera anapindidwa n'kusanjidwa m'mizere, timalaya tating'ono kumanzere, tokulirapo kumanja. Pansi anayala kakapeti. Pafupi ndi windo anaika mpando woyamwitsirapo, umene anausankha atakhalira mipando isanu ndi umodzi ya kusitolo, chinthu chimene anzawo anachiona koyamba ndipo anaitanizana kudzaonerera. Matiresi anawasiya m'pulasitiki mwake. Anatsala makatani okha, amene anali kwa telala.

Kenako kunabwera malamulo. Nsapato zizitsala pakhomo. Chakudya chisalowe. Windo lizitsegulidwa m'mawa, n'kutsekedwa fumbi la masana lisanayambe. Ataona kuti malamulowo sakutsatidwa bwino, anakhoma chitseko n'kuika kiyi pa mulu wa makiyi awo. Ndipo dzanja lawo, mosawafunsa n'komwe eni ake, linalemba kapepala n'kukamata pachitseko. Njinga ya mlongo wawo inayamba kugona pabalaza, itatsamira sofa ngati mlendo wosauzidwa tsiku lobwerera.

Inafika nyengo yotentha, mlamu wawo ali ndi miyezi isanu ndi itatu, mapazi atatupa moti ankangovala masilipasi a mwamuna wake. Loweruka lina masana Mayi Osakhudza anafika ndi zithunzi ziwiri za abakha zoti apachike pakhoma. Anapisa m'chikwama kufuna kiyi, koma anaona kuti chitseko chili chotsegula kale. Anali ataiwala kuti munthu wogwira zitsulo sungamutsekere chitseko m'nyumba mwake.

Zimene anaona mkatimo zinawaumitsa pakhomo. Mlamu wawo anali atagona tulo pa mpando uja, kukamwa kuli pululu, mapazi onse awiri atawasanjika pa kakabati. M'kabedi munali mulu wa makope a ana asukulu ndi cholembera chofiira chosatseka. M'beseni latsopano losambitsira mwana munali makoko a malalanje.

Mayiwo anatsokomola kutsokomola kwawo kwa kusitolo, kumene kunadzutsapo mabwana ndi azibusa pa masofa. Mlamu wawo anatsegula diso limodzi. Sanadzuke.

"Mwafika, alamu? Lowani. Vulani nsapato, malamulo ndi malamulo."

"Mlamu, mapazi pa kabati?"

"Anamwino anati ndiziwakweza. Ndipo m'nyumba monse muno, chipinda cholowa mphepo ndi chino chokha. Mwachikonza bwino zedi, alamu. Kuchipinda kwathu kuli ngati mu uvuni."

"Komatu chipindachi n'cha mwana."

"Eya, ndi mwini wakeyo wandiuza kuti tilowe. Ine ndangomuperekeza. Ndikakhala pampando pano amasangalala, amachita kuvina. Tabwerani mumve."

Mayi Osakhudza anaima pomwepo, zithunzi za abakha zili m'manja. Mlamu wawo anatambasula mkono, n'kuwagwira dzanja, n'kulikokera pamimba pake. Poyamba sanamve kanthu koma kutentha kwa thupi. Kenako china chake chinagunda m'chikhatho mwawo, kamodzi, kawiri, n'kutsetsereka pansi pa khungu ngati chigongono cha munthu wofuna malo m'minibasi. Anafuna kuchotsa dzanja, koma mlamu wawo analigwirabe.

"Mwamumva? Ameneyutu sadziwa kuwerenga, alamu. Kapepala kanu kaja sadzakaona. Adzagwira zonse, adzanyambita zonse, akamaliza adzasanzirapo. Ine ana ndimakhala nawo tsiku lonse, ndikuwadziwa. Mukapanda kuzolowera panopa, mudzadwala nazo mtima."

Mayiwo anayang'ana beseni lija. Kenako anati, "Makoko a malalanje sataya m'beseni la mwana." Koma ananena motsitsa, ndipo atatero anakhala pansi pa kakapeti, n'kutambasula miyendo. Mlamu wawo anawapatsa theka la lalanje, iwo n'kulandira. Anadya momwemo, madzi ake akudonthera pa siketi. Asanachoke tsiku limenelo, awiriwo anafuna pepala loti alembepo zofunika kunyamula popita kuchipatala, ndipo popeza lapafupi linali la pachitseko lija, analimatula n'kulemba kuseri kwake.

Mwanayo sanadikire makatani. Anabwera masabata atatu tsiku lake lisanakwane, Lachiwiri m'mawa, telala atangodula nsalu. Foni inalira Mayi Osakhudza ali pakati pouza bambo wina kuti matiresi saayesa ndi thupi lonse. Atamva mawu a mlongo wawo akunjenjemera, anatsika masitepe awiriawiri, n'kumusiya bamboyo atagona chagada pa bedi la kusitolo, nsapato zili kuphazi. Anzawo amati anagonapo mpaka nthawi ya nkhomaliro, ndipo podzuka analigula.

Pofika kuchipatala anapeza zonse zatha. Anali mwana wamkazi, wamng'ono koma wa mawu aakulu. Asewere anali pamphepete pa bedi atamufukata, ndipo anali atamupatsa kale dzina losewera.

"Bwerani mudzaone Kaphuma wathu. Wamva kuti ali ndi chipinda, ndiye wati ndikachione msanga anthu asanachite lendi. Landirani, azakhali."

Mayi Osakhudza anabwerera m'mbuyo pang'ono. Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo miyezi yonseyi: chibadwire anali asananyamulepo khanda. Ngakhale mlongo wawo uja, iwo anayamba kumulera akuyenda kale ndi miyendo yake. Ana a anzawo ankawaonera patali, n'kupereka mphatso yokulungidwa bwino. Anadziwa kutalika kwa kabedi, kukula kwa neti, kuchuluka kwa matewera, koma manja awo sanadziwe poyambira.

"Ndisambe m'manja kaye."

"Mwasamba kale pakhomo paja, ndakuonani. Tambasulani mikono. Ayi, osati ngati mukulandira thireyi. Mutu, asewere, gwirani mutu! Si wa kusitolo uyu."

Kanthu kaja kanali kofunda, kolemera kumutu, kosakhazikika. Kanatsegula maso onse awiri, n'kukwinya nkhope ngati kankhalamba kosakhutira ndi malo, kenako kanagwira kachingwe ka magalasi n'kukakamira. Mlongo wawo, amene anaima kumutu kwa bedi maso ali psuu, anawayang'ana n'kuyang'ana kumbali. Patapita kanthawi Mayi Osakhudza anamva kufunda kwina kukuyenderera pa bulauzi woyera uja mpaka m'chiuno.

"Wakulonjerani," anatero asewere, akugwira khoma.

Tsiku lotuluka kuchipatala, Mayi Osakhudza anapachika shiti pawindo m'malo mwa katani, anachotsa pulasitiki pa matiresi ndi manja awo, n'kuyala bwinobwino. Banja lonse linaima mozungulira pamene Kaphuma ankagonekedwa koyamba m'kabedi kake. Msana utangokhudza matiresi, mwanayo anakuwa mokuti aneba anatuluka m'nyumba. Anamunyamula, anatonthola. Anamugonekanso, anakuwanso. Atayesa kachinayi, mayi ake anamutenga n'kupita naye kuchipinda kwawo kotentha kuja, ndipo anagona tulo tofa nato m'khwapa mwawo. Asewere anangoyang'ana Mayi Osakhudza, n'kukweza mkono pang'ono, n'kuloza m'khwapa.

Miyezi isanu yotsatira, m'kabedi munkagona zovala zochapa. M'chipindamo munkagona asewere, amene anabwera kudzathandiza sabata ziwiri n'kukhala miyezi itatu, ndi zikwama zawo zitatu ndi mkonono wawo. Mvula itayamba, mlongo wawo anakhoma misomali iwiri pa makoma achikasu aja n'kumanga chingwe choyanikira matewera, chodutsa pamaso penipeni pa abakha. Pakona panabwera ndowa ziwiri, ina yonyikamo, ina yotsukuluzira. Kakapeti kanapindidwa n'kukwezedwa pamwamba pa kabati katathiridwa phala kawiri. Makatani anabwera mwana ali ndi mwezi, ndipo anali aafupi ndi chikhatho chimodzi, koma palibe anali ndi mphamvu zobwerera nawo kwa telala. Chinthu chokha chimene chinagwira ntchito yake kuyambira tsiku loyamba chinali mpando wa pawindo uja.

Mayi Osakhudza anavutika nazo, tisaname. Loweruka lililonse ankafika n'kusanja zonse mwa dongosolo, ndipo Loweruka lotsatira ankapeza ngati mwadutsa kamvuluvulu. Koma manja ndi awiri okha. Ukanyamula mwana kuti mayi ake asambe, sungapindenso matewera. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kufika atavala diresi lakale lamaluwa, ndipo ankati akalowa, amayamba afunsa kuti mwana wayamwa kangati.

Kusitolo nako anzawo anaona kusintha. Tsiku lina kunabwera banja lachinyamata, mkazi ali ndi mimba yaikulu, mwamuna akuloza chilichonse cha pakona paja kuti achitenga. Mayi Osakhudza anamukhazika mkaziyo pa mpando, kapepala n'kukasunthira pambali, n'kumukokera mwamunayo pawindo.

"Mwana woyamba?"

"Eya, mayi."

"Ndiye mverani. Tengani bedi ndi mpandowu, mpandowu makamaka. Kakapeti kasiyeni. Kakabati mudzabwerera mwana akayamba kukwawa, ngati mudzakafunebe. Mukatuluka pano mukagule ndowa ziwiri zazikulu ndi chingwe."

Amanijala, amene ankadutsa ndi mafaelo, anaima.

"Mayi, ife ndowa sitigulitsa."

"Ndiye tiyambe, bwana."

Kaphuma anavomera kabedi kake ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, poyamba masana okha, ndipo anachita zimenezi tsiku limene aliyense anali atasiya kumukakamiza. Amayi a mumdadada muja atakaona anayamba kufunsa kuti kanagulidwa kuti, ndipo chaka chisanathe mlongo wawo anali atapanga ena asanu ndi atatu. Sankalola kuti kalikonse kachoke kushedi achemwali ake asanakaone, ngakhale kuti pobwera kudzakaona ankakangana za penti mpaka anthu odutsa kuima.

Loweruka lina, Kaphuma ali ndi miyezi khumi, asewere anabwera kudzacheza n'kupeza Mayi Osakhudza ali m'chipinda muja. Mwanayo anali ataimirira m'kabedi, dzanja limodzi litagwira chitsulo, linalo likutola zinthu n'kuponya pansi: sokosi, supuni, chivindikiro cha botolo, chipewa. Akaponya ankasuzumira kuti aone pamene chagwera, kenako n'kuyang'ana azakhali ake. Azakhaliwo ankawerama, n'kutola, n'kupukuta, n'kumubwezera. Iye n'kuponyanso, akuseka ndi mano ake awiri.

Asewere anatsamira pakhomo n'kuonerera mpaka supuni inagwa kakhumi ndi kanayi.

"Asewere, koma ndiye mwapeza bwana. Msanawo mudzuka nawo mawa?"

"Musamusokoneze," anatero Mayi Osakhudza, akupuma mwabefu. "Akuyesa kuona kuti chinthu chilichonse chikhale pati."

Supuni inaliranso pansi, n'kugubudukira kunsi kwa kabati. Mayiwo anavula magalasi, n'kuwapatsa asewere kuti awagwirire, n'kugwada kuti aifunefune.